Amene timasimba za ku lari ndife amene tinatsala



Ife amene tinakulira mu lari ya masisitere muno mu Lichinga tili ndi gulu lathu pa WhatsApp, ndipo masiku ano nkhani yake ndi imodzi. Ana a lero aonongeka, ife tinali bwino, mankhwala ake n'kubwezera malamulo akale. Wina akaponya chithunzi cha kwaya ya 2006, tonse titavala makapulana ofanana, pansi pake pamagwa mauthenga ankhaninkhani: nthawi imeneyo kunalibe zibwenzi, wopezeka ndi kalata ankalongedza tsiku lomwelo, n'chifukwa chake tinaphunzira. Ine pachithunzicho ndilipo, ndipo ndikunena poyera kuti zibwenzi zinalipo, zambiri ndithu. Kulisowa lari si kulakwa, nanenso ndimalisowa. Chimene ndikukana n'chakuti titole chinthu chimodzi chokha mwa zonse zimene zinali m'menemo, kuthamangitsa, n'kumanena kuti ndicho chinatikonza.

Ndiyambe ndi zimene ndimasowa, kuti wina asaganize kuti ndili ndi mangawa.

Ndinabwera mu 2005 kuchokera kunyanja, ku Lago, kudzayamba kalasi 8. Kwathu n'kotentha, mwana amasamba m'nyanja dzuwa lisanatuluke osamva kanthu. Lichinga ali pamtunda wa mamita opitirira 1,300, ndipo Juni wanga woyamba ndinkaganiza kuti ndifa. Belu linkalira 5 koloko, kunja kuli chifunga, mitengo ya paini ikudontha mame, madzi a mu thanki akuluma ngati singano. Tinkagona awiriawiri mobisa pofuna kuphatikiza mabulangete. Chakudya chinali nsima ndi nyemba, mawa nyemba ndi nsima, Lamlungu kabichi ndi mbatata ya kachewere ya m'dimba lathu lomwe tinkalima Loweruka. Amayi akatumiza usipa wouma pa shapa, chipinda chonse chinkadziwa ndi fungo, ndipo pofika madzulo kathumba kanali katapepuka. Mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala tinkapemphera kolona titagwada pa simenti yozizira. Ikakwana 7 koloko madzulo aliyense pa buku, chete, a Irmã akuyendayenda kumbuyo ndi singano zawo zolukira. Munthu amene sanakhalepo m'nyumba ya ana asanu ndi atatu ndi nyali imodzi sangamvetse kuti maola awiri achete tsiku lililonse ndi chuma chotani.

Ndimasowanso Misa. Kusukulu ukalankhula chiyankhulo chakwanu unali kulembedwa dzina, akuti ukulankhula dialecto. Maphunziro a zinenero ziwiri anali atangoyamba kumene mu 2003 m'sukulu zochepa, ife anatiphonya. Koma Lamlungu m'tchalitchi cha São José nyimbo yolowera ikhoza kukhala ya Chiyao, ya zopereka ya Chimakua, yothokoza ya Chinyanja, ndipo palibe ankachita manyazi. Mpingo unali utatsegula khomo limeneli kuyambira pa msonkhano wa Vatican wachiwiri, m'chikalata chake cha zachipembedzo cha 1963, ndipo kuno kwathu msonkhano wa ku Beira wa 1977 unaika mapemphero m'manja mwa akhristu eniake m'miphakati. Ine Chiyao ndinachiphunzirira mu kwaya, Chimakua chochepa chimene ndili nachonso chimodzimodzi. Boma linafika pambuyo pa njira imene makatekisita anali atayenda kale.

Nyumba zoterezi sizinangomera. Niassa ndi chigawo chachikulu kuposa zonse m'dziko lino, anthu ake ndi otalikirana, ndipo sekondale nthawi zonse yakhala kutali ndi mwana wa kumudzi. Ansembe a Consolata atafika m'ma 1920 n'kumanga Massangulo mu 1928, sukulu ndi malo ogona zinayendera limodzi, monganso a Anglican anachitira ku Messumba. Pa 24 Julayi 1975 boma linatenga sukulu zonse za mishoni. Nkhondo itatha ndi mgwirizano wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992, Mpingo unabwereranso pang'onopang'ono m'maphunziro, ndipo ife a m'ma 2000 ndife tinadya zipatso za kubwererako. Makolo athu ambiri sanaphunzire chifukwa cha nkhondo, ena anali atangobwera kumene kuchokera ku Malawi kothawira. Kwa iwo, kupereka mwana wamkazi m'manja mwa masisitere kunali ngati kusunga mbewu m'nkhokwe yokhala ndi chitseko.

Tsono zibwenzi. Makalata ankayenda, aphunzitsi anzanga, ndipo ankayenda mwadongosolo kuposa positi. Ankalowa m'buku la nyimbo pa maphunziro a kwaya, m'kope la Biologia lobwerekana, m'thumba la mwana wa kunja amene ankalipidwa ndi mkate. Lamlungu pochokera ku Misa tinkayenda mumzere, koma mzere umatalika, ndipo amene ali kumapeto amaona zambiri. Mafoni atayamba kuwanda, umodzi unkabisidwa m'thumba la ufa ndipo unkatumikira chipinda chonse. Kubipa kamodzi ndiye kuti ndakukumbuka, kawiri ndiye kuti tionana mawa. Ena mwa amene akulemba lero kuti kunalibe zibwenzi ali pabanja ndi anyamata a tenor a kwaya yomweyo, ndipo maukwati awo tinavina.

Pali chinthu chimodzi chimene ndachiganizira zaka zambiri. Makalata onsewo anali a Chipwitikizi. Mnyamata wa ku Metangula, mtsikana wa ku Cóbuè, onse oyamwa Chinyanja, koma polemberana ankatola mawu a m'manovela a ku Brazil. Sikunali kudzionetsa kokha ayi. M'Chinyanja kufunsira kuli ndi mchira. Mnyamata akanena kuti ndakufuna, yankho limene mtsikana aliyense analimva kwa azakhali ake n'lakuti kwanu n'kuti, atsibweni ako ndani, ukaonekere kwathu. Mawuwo amakoka ankhoswe, amakoka mudzi wonse. Chikondi cha Chipwitikizi chinalibe abale. Unkatha kulonjeza moyo wonse papepala popanda wina wokufunsa kuti udzamanga pati. N'chifukwa chake chinali chokoma, n'chifukwa chakenso chinali choopsa. Ndipo akuluakulu nawo potichenjeza ankagwiritsa Chipwitikizi chomwecho: castidade, pureza, pecado. Mawu aakulu, osalala, amene sankakhudza thupi la munthu paliponse. Tinkawaloweza ngati mayina a mitsinje ya ku Ulaya.

Tsopano ndifike pa amene mulibe m'gulu lathu la WhatsApp. M'zaka zitatu zimene ndinakhala mu lari, m'chipinda chathu chokha munachoka atsikana awiri chifukwa cha pathupi. Sankatsanzika. Tikabwera kusukulu tinkapeza bedi lopanda bulangete, ndipo madzulo tinkauzidwa kuti timupempherere mnzathu, basi. Nthawi imeneyo lamulo la unduna, Despacho 39/GM/2003, linkati mtsikana woyembekezera achoke m'kalasi ya masana apite ya usiku. Papepala linkakhudzanso mnyamata ngati ali wa sukulu yomweyo, ndipo linkalamula kuti wogwira ntchito pasukulu wopereka mimba aimitsidwe. Koma mimba imaoneka pa munthu mmodzi. Taganizani mwana wa zaka 16, kwawo kuli makilomita opitirira 100, malo ogona amulanda, ndipo akuuzidwa kuti aziyenda usiku m'misewu ya mdima ndi mimba. Ndani akanapitiriza? Onse awiri anabwerera kumudzi. Mmodzi anali katswiri wa masamu kuposa tonsefe. Ndinakumana naye zaka zingapo zapitazo akugulitsa nsomba, ana asanu, akuwerengera chenji m'mutu mofulumira kuposa makina. Amene anamupatsa mimba sanali wa kwaya. Anali bambo wapantchito wokhala ndi njinga yamoto, ndipo sanataye ngakhale tsiku limodzi la malipiro.

Apa m'pamene nkhani ya anzanga imandisiya. Ife amene tikusimba ubwino wa lamulo lija ndife amene silinatigwere. Ena tinapulumuka chifukwa cha khalidwe, inde, koma ena chifukwa cha mwayi chabe, ndipo mumtima aliyense akudziwa mbali imene ali. Kufunsa ife ngati kuthamangitsa kunathandiza kuli ngati kufunsa asodzi amene afika kumtunda ngati mwera unali woopsa. Amene anamira sayankha.

Ndipo monga mkhristu zinkandivuta ngakhale nthawi imeneyo. M'Kwaresima ya 2007 tinamva kuwerengedwa nkhani ya pa Yohane mutu 8, ya mayi wogwidwa m'chigololo amene anamukokera pamaso pa Yesu. Aliyense womvetsera amadzifunsa kuti nanga mwamunayo anali kuti. Tinaimba bwino tsiku limenelo, kenako tinabwerera kuchipinda chokhala ndi bedi lopanda munthu. Tinkaphunzitsidwa kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezo mpaka lero. Koma ngati mtsikana wosunga mimba yake ataya sukulu, pamene wochotsa mwakachetechete apitiriza ngati palibe chachitika, kodi lamulo lotero likukankhira ana mbali iti? Funso limeneli palibe ankalifunsa mokweza, koma m'zipinda linkayankhidwa, nthawi zina ndi mankhwala a kumsika.

Ndikudziwa zimene makolo ena anene, ndipo sindikuzipeputsa. Mantha amagwira ntchito. Alipo atsikana amene anakana chifukwa choopa kulongedza, ndipo lero ndi anamwino ndi aphunzitsi. Bambo amene wagulitsa mbuzi kapena khoka kuti mwana akhale mu lari ali ndi ufulu wofuna kuti pakhale mpanda. Nyumba ya Mpingo ilinso ndi ufulu wokhala ndi malamulo ogwirizana ndi chikhulupiriro chake, sitingaiuze kuti isanduke nyumba ya alendo. Ine sindikupempha kuti mpanda ugwe, kapena kuti ana azituluka usiku. Masisitere amene anatilera anali anthu ochepa osunga ana ambiri a anthu ena ndi ndalama zosakwana, ndipo ankachita zimene dziko lonse linkachita nthawi imeneyo. Koma mpanda ndi chinthu china, kutaya mwana kunja kwa mpanda pa tsiku limene akufunika chitetezo kwambiri ndi chinthu chinanso.

Mukandifunsa chimene chinanditeteza ine, sinditchula lamulo. Nditchula agogo ena amene ankatiphikira, Mkatolika wa Chiyao, amene kumudzi kwawo anali namkungwi. Loweruka madzulo tikusankha nyemba kukhitchini ankalankhula nafe m'Chiyao chosakaniza ndi Chinyanja, ndipo ankatchula zinthu ndi mayina ake. Kusamba n'chiyani, mimba imalowa bwanji, bodza liti limene anyamata amanena lokhudza tsiku loyamba, mwamuna wamkulu akakugulira sopo ndi mafuta amayembekezera chiyani. Ankatiseketsa mpaka misozi, kenako n'kutifunsa mmodzimmodzi kuti, iwe, uja amakuperekeza ndi mwana wa yani? Ukamuyankha sankakanena kwa a Irmã. Ankangoti ubwere naye ndimuone. Ndipo anyamata angapo anabweradi, n'kuima pakhomo la khitchini atagwira chipewa, akufunsidwa za kwawo ndi za manotsi awo. Amene anali ndi zolinga zoipa sankabwera, ndipo pamenepo mtsikana ankadzionera yekha. Agogowo analibe satifiketi iliyonse, koma anachita chimene malamulo onse analephera: anabwezera abale m'chikondi chathu chopanda abale chija.

Nditchulanso a Irmã mmodzi amene ankadziwa dzina la aliyense, mudzi wake, ndi phunziro limene likumuvuta. Ukakhala chete masiku awiri ankakuitana kukathirira maluwa, n'kudikira mpaka ulankhule wekha. Chimene tikusowa tikamaona chithunzi chija ndi chimenechi. Tinali ana oonedwa. Tinkadya, tinkagona malo otsekeka, tinali ndi nthawi yowerenga, ndipo panali munthu wamkulu woti akaona nkhope yako adziwe kuti pali kanthu.

Pa nkhani ya chikhulupiriro palinso china chimene timachiiwala mwadala. Lichinga ndi tawuni ya Asilamu ambiri, ndipo m'kalasi tinkakhala nawo benchi imodzi. Mitima siifunsa kaye chipembedzo. Ife tinkangouzidwa kuti n'zosatheka, ndipo zibwenzi zoterozo ndizo zinkabisidwa kwambiri. Nditakula m'pamene ndinadziwa kuti malamulo a Mpingo a 1983 saletseratu. Kukwatirana ndi mkhristu wa mpingo wina, monga wa Anglican, kumafuna chilolezo. Kukwatirana ndi munthu wosabatizidwa kumafuna kuti episkopi achotse choletsa, ndipo Mkatolikayo amalonjeza kusunga chikhulupiriro chake ndi kuyesetsa kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Mpingo, winayo akudziwa. Si njira yofewa, ndipo mabanja otere ali ndi mitanda yawo, makamaka pa nkhani ya ana ndi ya maliro. Koma njira ilipo. Episkopi woyamba wa dayosizi ino, Dom Eurico Dias Nogueira, analembera Asilamu a m'dera lake kalata yaubale kale mu 1966, tawuni ino ikutchedwabe Vila Cabral. Mnzanga wina wa mu lari anakwatiwa ndi Msilamu atadutsa njira yonseyo, ndipo ali limodzi zaka zoposa khumi. Wina anabisa mpaka anathawa naye, ndipo lero sapita kutchalitchi kapena kumzikiti. Kusiyana kwawo n'kwakuti woyambayo anapeza munthu womuuza zoona msanga.

Nanga ana a lero aonongekadi? Ine ndimaphunzitsa kupulayimale, ndimawaona asananyamuke, ndipo sindikuona kuti mitima yawo ndi yosiyana ndi yathu. Chimene chasintha ndi malo amene timawaponya. Malo mu lari ndi ochepa ndipo si aliyense angalipire. Yendani ku Chiuaula, ku Namacula, ku Cerâmica, muwerenge tizipinda ta lendi momwe mukugona ana a sukulu ochokera m'maboma, atatu kapena anayi, opanda wamkulu aliyense. Ufa ukatha pa 20 mwezi usanathe, amadya chiyani? Foni ili m'manja, ndipo amene ali ndi M-Pesa akudziwa tsiku limene ufa umatha. Pamwamba pa izo, malinga ndi lamulo latsopano la maphunziro la 2018, pulayimale imathera kalasi 6, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 ili ku sekondale. Kumene sukulu ya pafupi sinakwezedwe kuti ifike kalasi 9, mwana akuchoka pakhomo ali ndi zaka 12 kapena 13. Ine ndinachoka ndili ndi 15 ndipo ndinkalira usiku. Tikamati ana aonongeka, tiziyamba tafunsa kuti tawasiya ndi yani.

Malamulo a dziko anasuntha. Despacho ija inathetsedwa mu Disembala 2018, ndipo mtsikana woyembekezera ali ndi ufulu wokhala m'kalasi ya masana. Lamulo 19/2019 limaletsa ukwati kapena kukhalira limodzi ndi mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga akuluakulu okonza kapena kuvomereza zimenezo. Amene akufuna kubwezera zakale adziwe kuti akupempha chinthu chimene dziko linachiyesa zaka 15 n'kuchisiya. Koma lamulo lokha silipatsa mwana pogona. Mtsikana akhoza kuloledwa m'kalasi masana, koma ngati usiku alibe denga, zotsatira zake n'zomwe zija. Pamenepa ndikanakonda kuti miphakati yathu, imene imasonkha mwachangu pa maliro ndi pa zikondwerero, iganizepo: mwana akachoka mu lari chifukwa cha pathupi, kodi palibe banja limodzi m'parishi yonse lomusunga mpaka alembe mayeso?

Kwa ife aphunzitsi a zinenero ziwiri, gawo lathu lili pafupi kwambiri. Pofika kalasi 6 maphunziro ambiri amakhala atasamukira ku Chipwitikizi, ndipo nkhani ya kutha msinkhu imabwera m'mawu a m'buku amene mwana amawalemba bwino pa mayeso osadziwa kuti akunena za thupi lake. Ku instituto anatiphunzitsa kuti chovuta uchifotokoze m'chiyankhulo chimene mwana amalotera. Timachita zimenezo pa masamu, koma pa nkhani iyi timathawira ku Chipwitikizi chifukwa ifeyo ndi amene tikuchita manyazi. Ndikudziwa kuti pali mawu amene mphunzitsi wamwamuna sangatchule pamaso pa atsikana, ndipo mwambo umenewo ndimaulemekeza. N'chifukwa chake pali Conselho de Escola. M'mudzi uliwonse muli amayi ndi abambo odziwa kulankhula ndi ana ngati agogo aja, kutchalitchi aliko, kumzikiti aliko. Tiwaitane, atsikana paokha, anyamata paokha, ifenso tikhalepo kuti zimene zikunenedwa zigwirizane ndi zaumoyo ndi lamulo. Anyamata makamaka. Ife mu lari tinalangizidwa mpaka makutu kuwawa, koma sindikumbukira kuti ndinamvapo kuti anzathu a mbali inayo anaitanidwa n'kuuzidwa kuti mimba ndi ya anthu awiri.

Chaka chino ndili ndi ana 58 m'kalasi 6. Ndawafunsa mmodzimmodzi kumene adzapite chaka chamawa, ndipo 19 adzagona kunja kwa nyumba ya makolo awo. Mwa amenewa, amene anatha kunditchulira dzina la munthu wamkulu amene adzakhale naye ndi 7 okha. Otsalawo akuti tikaona komweko. Makolo a ana anga, pamsonkhano wa kutha kwa trimestre musabwere ndi funso la manotsi lokha. Mubwere ndi dzina la munthu amene adzayang'anire mwana wanu kumene akupitako, bairro imene amakhala, ndi nambala yake ya foni. Amene mulibe wachibale kumeneko mundiuze msanga, ndalankhula kale ndi amayi a mphakati wathu ndi a shehe a pafupi ndi sukulu, ndipo mabanja anayi avomera kulandira mwana mmodzimmodzi.